Mai Mary Moffat wa ku Kuruman (1795–1871)

Mai Mary Moffat anabadwa m'chaka cha 1795 kufupi ndi mzinda wa Manchester ku Mangalande. Bambo wao, a James Smith, anali ndi munda wa mbande za mitengo ndi maluwa ku Dukinfield, ndipo anawatumiza ku sukulu ya mpingo wa Moravian ku Fairfield, kumene anayamba kumva za ntchito ya amishoni. M'munda wa bambo waowo munadzalowa ntchito mnyamata wa ku Scotland, dzina lake Robert Moffat. Awiriwa anakondana, koma makolo anakaniza mwana wao kupita ku dziko lakutali, kotero kuti mnyamatayo anatsogola yekha, nafika ku Cape Town m'chaka cha 1817. Patapita zaka ziwiri makolo aja anafewa mtima, ndipo ukwati unadalitsidwa ku Cape Town komweko mu Disembala 1819.

Bungwe la London Missionary Society linawatuma kwa Atswana a fuko la Batlhaping, ndipo kuyambira 1824 anakhazikika pa Kuruman, m'mphepete mwa chipululu cha Kalahari. Mai Moffat anaphunzira kuzira nyumba ndi ndowe monga anachitira amai a kumeneko, kupanga sopo ndi makandulo ndi mafuta a nyama, ndi kusunga chakudya cha alendo osatha. Anaphunzitsa amai ndi atsikana kusoka, naphunzitsanso ana ao kuwerenga. Analera ana amasiye, mmodzi wa iwo Sarah Roby, amene anapulumutsidwa ali khanda atakwiriridwa wamoyo. Pamene amuna ao anali pa maulendo a miyezi yambiri, kapena atatsekeka m'chipinda kumasulira Buku Lopatulika m'Chitswana, ntchito imene inatha m'chaka cha 1857, ndi iwo amene anasenza mishoni yonse. Anthu anawatcha Mma-Mary, ndiko kuti make Mary.

Zaka zoyamba zinapita popanda ndi mmodzi yemwe wobatizidwa. M'masiku owuma amenewo bwenzi lao lina la ku Sheffield linafunsa mphatso imene lingawatumizire. Mai Moffat sanapemphe nsalu kapena mankhwala, ngakhale anazisowa. Anapempha ziwiya za Mgonero wa Ambuye, pokhulupirira kuti tsiku lake lidzafika. Katunduyo anachedwa panjira nthawi yaitali, ndipo anafika mu Julaye 1829, sabata lomwelo limene Atswana oyamba asanu ndi mmodzi anabatizidwa nayandikira gome la Ambuye.

Koma mtanda wao wolemera koposa unali wa uchembere. Anabala ana khumi, ndipo atatu anamwalira adakali aang'ono. Mmodzi wa iwo, James, anatsirizika m'sitima ya pamadzi m'chaka cha 1839, patangopita masiku ochepa mlongo wake Elizabeth atabadwira m'sitima momwemo. Otsalawo anayenera kuwaperekeza pa ngolo ya ng'ombe masabata ambiri kukawasiya ku sukulu zakutali, ena mpaka ku Mangalande, osawaonanso zaka zambiri. Zimenezi kawirikawiri sizilembedwa m'mabuku a mbiri ya Mpingo, pakuti olemba amawerenga masukulu ndi matchalitchi omangidwa, osati misozi ya mai wobwerera yekha m'ngolo.

Ali ku London, anakumana ndi sing'anga wachinyamata, David Livingstone, namlangiza kuti akwatire asanapite ku Africa. Iye sanamvere nthawi imeneyo. Koma mu Januwale 1845 anakwatira mwana wao woyamba, Mary, ku Kuruman. Kuyambira pamenepo Mai Moffat anakhala agogo oyenda m'chipululu. M'chaka cha 1846 anakwera ngolo popanda amuna ao kukaona mwana wao ndi mdzukulu ku Chonuane. M'chaka cha 1850 Livingstone anatenga mkazi wake ali ndi pakati, pamodzi ndi ana atatu, kupita ku nyanja ya Ngami. Atabwerera ku Kolobeng kunabadwa khanda, koma linakhala masabata owerengeka okha, ndipo make anazizira mbali imodzi ya nkhope. Agogo anapita kukawatenga onse, nawalera ku Kuruman kufikira atapeza mphamvu.

Chaka chotsatira anamva kuti mkamwini wao akukonzanso ulendo wonga womwewo, mkazi alinso ndi pakati. Anamlembera kalata yowawa, yomkumbutsa za khanda lotayika lija ndi kumuuza kuti kuchita chotero ndi nkhanza imene dziko lonse lidzaitsutsa. Livingstone anapitabe, ndipo panjira ana anatsala pang'ono kufa ndi ludzu. Ulemu umene Mpingo umapereka kwa Livingstone ngwoyenera. Komabe pa mlandu uwu apongozi ndiwo ananena zoona. Iwonso anali atapereka zonse chifukwa cha Uthenga, nadziwa kusiyana kwa nsembe imene munthu apereka yekha ndi imene asenzetsa ana osalakwa.

Chaka cha 1862 chinawalanda ana awiri. Mary, amene dzina lake la Ma-Robert linapatsidwa kwa sitima imene inayenda pa Zambezi ndi pa Shire, anamwalira ndi malungo ku Shupanga pa 27 Epulo. Patapita miyezi yochepa Robert, mwana wao wamwamuna wamkulu, anamwaliranso. M'chaka cha 1866 mkamwini wina, Mbusa Jean Fredoux, anafa pa ngozi ya wonga, nasiya Ann ndi ana amasiye. Pakati pa maliro onsewa Mai Moffat sanaletse otsalawo: Elizabeth anakwatiwa ndi Mbusa Roger Price natumikira Atswana zaka zambiri, ndipo John Smith Moffat anali mmodzi wa oyambitsa mishoni ya Inyati pakati pa Amandebele m'chaka cha 1859.

Anachoka ku Kuruman m'chaka cha 1870 atatumikira zaka makumi asanu. Kuzizira kwa kwao sikunawayanjenso, ndipo anamwalira ku Brixton, mu London, mu Januwale 1871, naikidwa m'manda a Norwood. Mwa adzukulu ao, Howard Moffat anakhala nduna yaikulu ya Southern Rhodesia kuyambira 1927 mpaka 1933. Mbale wake Malcolm anagwira ntchito pansi pa mishoni ya Livingstonia, ndipo m'chaka cha 1907 anatsegula mishoni ya Chitambo, m'dziko la Alala ku Zambia, dera limene munaikidwa mtima wa Livingstone.