Tycho Brahe, Woyesa Nyenyezi Yatsopano

Masiku a mwezi ndi a kadamsana amene timawerenga m'buku la caka sanadziwike mwamwai. Anawapeza anthu amene anacezera usiku zaka zambiri, akuyesa ndi kulemba. Mmodzi wa iwo ndiye Tycho Brahe wa ku Denmark.

Iye anabadwa pa 14 December 1546 m'banja la akuru, naleredwa ndi mbale wa atate wace. M'caka ca 1560, ali mnyamata wa zaka 13, kunacitika kadamsana wa dzuwa amene anthu ophunzira ananeneratu, ndipo ici cinamgwira mtima. Womlera uja anamtumiza ku Leipzig kukaphunzira malamulo, koma iye ankadzuka usiku mobisa kukapenya kumwamba. Mu 1563 anapeza kuti mabuku akale olosera mayendedwe a Jupiter ndi Saturn analakwa, ena ndi masiku, ena ndi mwezi wathunthu. Kuyambira pomwepo anatsimikiza mtima kuyesa yekha.

Madzulo a pa 11 November 1572 anaona nyenyezi yacilendo m'gulu la Cassiopeia, limene ife tikakhala ku Livingstone timaliona m'munsi cakumpoto pa madzulo a mwezi womwewo. Inawala ngati nthanda, nioneka ngakhale usana. Anzeru a masiku amenewo anaphunzitsa kuti kupitirira mwezi kulibe cosintha, motero ambiri anati cinthuco cili pafupi, ngati mtambo. Tycho anadziwa kuti munthu akamayenda, mtengo wapafupi umaoneka ngati usuntha, koma phiri lakutali limakhala pomwepo. Anayesa malo a nyenyeziyo pa maora osiyana a usiku, napeza kuti sinasunthe pakati pa zinzace. Cotero inali kutali ndithu koposa mwezi. Analemba zimenezi m'buku mu 1573, ndipo nyenyeziyo inazilala mu 1574.

Mfumu Frederick II inampatsa cisumbu ca Hven mu 1576, ndipo kumeneko anamanga nyumba yoyeseramo nyenyezi, dzina lace Uraniborg. Anagwira nchito zaka 20 ndi maso okha, popeza galasi loonera kutali linali lisanapangidwe. Koma anali munthu waukali. Pa unyamata anadulidwa mphuno pomenyana ndi mnzace ndi lupanga, ndipo alimi a pa Hven anadandaula kuti anawagwiritsa thangata yowawa. Atayambana ndi mfumu yatsopano, Christian IV, anacoka m'dziko lace mu 1597, nakakhala ku Prague. Anamwalira komweko pa 24 October 1601. Zolemba zace zinatsala ndi womthandiza, Johannes Kepler, amene anapeza nazo malamulo a mayendedwe a maiko ozungulira dzuwa.

Nanga nyenyezi ija inali ciani? Yankho lotsimikizika linafika mu 2008. Amene anaima pa mathithi a Mosi-oa-Tunya adziwa kuti dzuwa likalowa m'nthunzi ya madzi limagawika kukhala utawaleza. Akatswiri amagawa kuwala kwa nyenyezi momwemo, ndipo mizere ya m'mitunduyo imawauza zimene zili m'nyenyezimo. Kuwala kwina kwa nyenyezi ya Tycho kunagunda mitambo ya pfumbi ya kuthambo, nikubwerera monga mau abwerera m'phompho, nikufika kuno patapita zaka 436. Anakugwira ndi galasi lalikuru la Subaru ku Hawaii, napezamo silikoni, koma haidrojeni munalibe. Ici ndico cizindikiro ca nyenyezi yokalamba yochedwa white dwarf, yaing'ono ngati dziko lathu koma yolemera ngati dzuwa, imene imakoka zinthu za nyenyezi inzace kufikira iphulika yonse. Cimene Tycho anaciyesa kubadwa cinali imfa ya nyenyezi. Popeza nyenyezi zotere zimaphulika ndi kuwala kofanafana, akatswiri amayesa nazo kutalika kwa thambo, ndipo mu 1998 zinawaonetsa kuti thambo lirinkufutukuka mofulumirafulumira.

Tycho sanadziwe tanthauzo la cimene anaona, koma analemba zoona zokhazokha, ndipo a m'mbuyo mwace anamangapo. Ifenso, mphunzitsi ndi kaundula wace, mkuru wa mpingo ndi thumba la zopereka, tilembe zoona, pakuti Mlengi wa nyenyezi ndiye adziwa amene adzaziwerenga.