Osborne Reynolds: Katswiri amene anafufuza khalidwe la mchenga ndi njere

Amayi a ku Mphunzi m'boma la Dedza amadziwa kuti chimanga chikathiridwa m'chigayo, nthawi zina chimangoima pakhosi ngakhale bowo lili lotsekula, mpaka wapachigayo achigogode. Mmodzi mwa akatswiri oyamba kufufuza khalidwe lotere la njere anali Osborne Reynolds.

Reynolds anabadwa pa 23 August 1842 mumzinda wa Belfast ku Ireland, koma anakulira ku Dedham m'dziko la England, komwe bambo ake anali m'busa komanso mphunzitsi wamkulu. Ali ndi zaka 19 anayamba kuphunzira umakaniko, kenako anapita ku yunivesite ya Cambridge komwe anamaliza maphunziro a masamu mu 1867. Chaka chotsatira, ali ndi zaka 25 zokha, anasankhidwa kukhala pulofesa wa uinjiniya ku Owens College mumzinda wa Manchester.

Mu 1885 mkuluyu anafalitsa zomwe anapeza atadzaza mchenga ndi madzi m'thumba la labala lolumikizidwa ku kapaipi kagalasi. Atafinya thumbalo, madzi a m'kapaipi anatsika m'malo mokwera.

Iye anafotokoza kuti njere zothinana sizingasunthe zisanakwerane, ndipo zikakwerana mipata ya pakati pake imakula n'kumwa madzi. N'chifukwa chake munthu akaponda mchenga wonyowa m'mbali mwa nyanja, malo ozungulira phazi amaoneka ouma. Koma njerezo zikasowa kotambasukira, zimakolana n'kulimba gwa ngati mwala.

Akatswiri amene anabwera pambuyo pake anaonetsa kuti kapangidwe ka njere kali ndi mbali yaikulu pankhaniyi. Njere zobulungira ngati za soya zimagubuduzika n'kudutsa mosavuta. Chimanga n'chaphanthiphanthi ndipo chili ndi ngodya, choncho maso ake amatsamirana pabowo n'kutseka njira. Amisiri a misewu amagwiritsa ntchito khalidwe lomweli: amasankha miyala yophwanya, osati yosalala ya mumtsinje, chifukwa yophwanyayo imagwirana ndipo msewu sutitimira msanga. Nawo ogula chimanga pamsika amagwedeza chidebe kuti njere zikhazikike, mipata ichepe, chimanga chilowe chambiri.

Reynolds anakopeka kwambiri ndi njere moti mu 1903 anatulutsa buku lonena kuti chilengedwe chonse chinadzaza ndi tinjere tosaoneka ndi maso. Akatswiri anzake sanagwirizane nawo maganizowa. Thanzi lake litayamba kuvuta, anapuma pantchito mu 1905 atatumikira zaka 37, ndipo anamwalira pa 21 February 1912 ku Watchet, ali ndi zaka 69.

Bukulo linaiwalika, koma zomwe anapeza ndi thumba la mchenga lija amaziphunzirabe mainjiniya omanga madamu, misewu ndi maziko a nyumba.