Gilda Radner: mayi yemwe adaseketsa dziko la America

Pulogalamu ya nthabwala ya Saturday Night Live, yomwe imaonetsedwa pa wailesi ya kanema ya NBC m'dziko la America, idakwanitsa zaka 50 mu 2025. Azisudzo oposa 150 akhala akulowa ndi kutuluka m'pulogalamuyi, koma woyamba kulembedwa ntchito adali mayi, Gilda Radner.

Gilda adabadwa pa 28 June 1946 mumzinda wa Detroit. Bambo ake, omwe ankakonda kumutenga kukaonera zisudzo, adamwalira iye ali ndi zaka 14. Adalowa yunivesite ya Michigan koma sadamalize. Adasamukira ku Toronto m'dziko la Canada komwe adanola luso lake m'gulu la zisudzo la Second City.

Mwayi udamugwera mu 1975 pomwe Lorne Michaels ankasonkhanitsa achinyamata oti ayambe nawo pulogalamu yatsopano ku New York. Idayamba kuonetsedwa pa 11 October chaka chomwecho, ndipo imaulutsidwa pompopompo Loweruka usiku. Ukaiwala mawu, dziko lonse laona.

Apa ndi pomwe Gilda adaonetsa kuti ndi katakwe. Lero ankasanduka Emily Litella, agogo ovutika kumva omwe ankapsa mtima ndi nkhani yomwe aimva molakwika, n'kuzizira akangouzidwa zoona. Sabata inayo ankakhala Roseanne Roseannadanna, wothirira ndemanga pa nkhani yemwe ankasochera n'kuyamba kukamba zosagwirizana ndi mutu. Mu 1978 adalandira mphotho ya Emmy.

Gulu loyambalo silidakhalitse. Chevy Chase adachoka mu 1976 ndipo Bill Murray adalowa m'malo mwake. John Belushi ndi Dan Aykroyd adatsanzika mu 1979. Gilda adachoka mu 1980, chaka chomwe Michaels naye adasiya. Pulogalamuyi idatsala pang'ono kugwa, koma idapulumuka kaamba ka mnyamata wina, Eddie Murphy. Michaels adabwereranso mu 1985.

Gilda adakwatiwa ndi katswiri wa mafilimu Gene Wilder mu 1984. Chimwemwe chawo chidali chachifupi. Mayiyu adayamba kumva kutopa kosaneneka komanso kupweteka kwa miyendo. Kwa miyezi pafupifupi 10 adayendera madokotala osiyanasiyana osapeza vuto lenileni. Mu 1986 ndi pomwe adamupeza ndi khansa yogwira timatumba ta mazira a amayi, koma nthendayo idali itafika kale patali.

Adamwalira ku Los Angeles pa 20 May 1989 ali ndi zaka 42. Tsikulo lidali Loweruka, ndipo usiku wake Steve Martin, misozi ikulengeza, adaonetsa pa pulogalamuyo kanema wakale wa awiriwa akuvina.

Pambuyo pake Wilder adauza dziko kuti achibale angapo a mkazi wake, kuphatikizapo agogo ake aakazi, adamwaliranso ndi khansa yomweyo, ndipo adalimbikitsa amayi ochokera m'mabanja otere kuti azikayezetsa msanga. Mu 1995 ku New York kudatsegulidwa Gilda's Club, malo omwe odwala khansa ndi abale awo ankakumana n'kumalimbikitsana kwaulere.

Pa pulogalamu adapeza omulowa m'malo. Koma nkhani ya Gilda ikukumbutsabe mabanja kufunika kodziwa matenda omwe adatenga makolo awo, ndi kukawatchula kwa dokotala nthawi ikadalipo.