Bambo amene ali pa K100 uja ndani?

Anzathu a kalabu, tulutsani K100 ija mwapatsidwa chenji pa msika wa Naperi muyiyang'ane bwinobwino. Nkhope ili pamenepo ndi ya James Frederick Sangala. Ambirife timangoyipinda ndalamayo osawerenga dzina.

Sangala anabadwa cha m'ma 1900 ku Zomba, naphunzira ku mishoni ya Domasi. Anaphunzitsako, kenako anagwira ntchito ya ukalaliki m'boma la atsamunda kuno ku Blantyre.

Nthawi imeneyo dziko la Nyasaland linali lodulidwa ndi azungu. Angerezi analilanda mu 1891, ndipo malire awo sanafunse eni nthaka. N'chifukwa chake mpaka lero Achewa ali ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, pomwe Kalonga Gawa Undi amakhala ku Katete. Malire analipo, koma anthu ake sankadziona ngati mtundu umodzi ayi. Munthu anali Mtumbuka, Myao kapena Mlomwe, basi. Ngakhale mabungwe omenyera ufulu, oyamba ake a mu 1912 kumpoto, anali a m'maboma, aliyense kulira maliro akeake, ndipo bwanamkubwa ankawamva pang'ono.

Apa ndi pomwe ine ndimawapatsira ulemu bambowa. Mu 1943 anaitanitsa atsogoleri kuti mabungwe onsewo akhale chinthu chimodzi, ndipo mu Okutobala 1944 Nyasaland African Congress inabadwa kuno ku Blantyre. Upulezidenti sanautenge iwo. Unapita kwa Levi Mumba wa kumpoto, amene anamwalira patangopita miyezi yochepa. Tangoganizani, munthu wa ku Zomba kukhetsa thukuta, mpando n'kupita kwa wa chigawo china. Anzathu a ku Northern Rhodesia anayambitsa Congress yawo patapita zaka zinayi, mu 1948.

Sangala anadzakhala pulezidenti mu 1954, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitangoyamba kumene mu 1953 ngakhale Congress inachikana. Chipani chinali chofooka, ndalama kulibe, ndipo achinyamata monga Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume ankaona kuti madala akuyenda mwa kamba. Mu 1957 mpando unapita kwa T.D.T. Banda, ndipo chaka chotsatira Kamuzu anabwera.

Congress inaletsedwa mu Malichi 1959, pa chitsa chake panaphuka MCP imene inatenga boma pa ufulu wa pa 6 Julayi 1964. Sangala anamwalira mu 1974 anthu asakumutchulatchula, ndipo nkhope yake inaikidwa pa K100 mu 2012.