MBIRI YA ARNOLD THEILER, DOTOLO WA ZIWETO WA DZANJA LIMODZI

Alimi a ng'ombe a ku Nyimba ndi ku Petauke aidziwa bwino nthenda ya cigodola. Thole limatupa m'munsi mwa khutu, limatentha thupi, limaleka kuyamwa, ndipo potsiriza limafa thobvu liri kutuluka m'mphuno. Koma ndi owerengeka amene adziwa kuti kacilombo koyambitsa nthendayi, Theileria parva, kanachulidwa dzina la munthu amene anathera moyo wace pofufuza matenda a ziweto ndi pophunzitsa madotolo ace. Munthuyo ndiye Arnold Theiler.

Iye anabadwa pa 26 March 1867 ku Frick m'dziko la Switzerland, mwana wa mphunzitsi. Anaphunzira udotolo wa ziweto ku Bern ndi ku Zurich, natsiriza m'caka ca 1889. Nchito ya kwao siinamkhutiritse, motero mu 1891 anakwera combo kupita ku Transvaal. Alimi a Cibunu sanamlabadire, pakuti anazolowera kuciza okha ziweto zao. Tsono analowa nchito pa famu ina pafupi ndi Pretoria, ndipo kumeneko makina odulira cakudya ca ziweto anamdula dzanja lamanzere. Munthu wina akadabwerera kwao. Theiler anabvala dzanja lopanga napitiriza nchito.

Dzina lace linayamba kumveka mu 1893 pamene anathandiza kukonza katemera wa nthomba imene inabuka ku Johannesburg. Zaka zitatu zitapita, mliri wa rinderpest unaoloka Zambezi ukusesa ng'ombe, njati ndi nyama zina za m'chire, kotero kuti makola ambiri anatsala opanda kanthu. Boma la Paul Kruger linamuika kukhala dotolo wa ziweto wa Boma, ndipo pamodzi ndi mnzace Herbert Watkins-Pitchford anayesa njira yochinjiriza ng'ombe ndi madzi a m'magazi a ng'ombe zimene zinadwala ndi kucira.

Cigodola cinafika ku Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, ca m'ma 1901, cocokera ku gombe la nyanja ya kum'mawa. Ambiri, ngakhale akatswiri omveka, anaciyesa mtundu wina wa nthenda yokodzetsa ng'ombe magazi. Theiler anapima magazi a ng'ombe zodwala mosatopa, ndipo mu 1904 anaonetsa kuti iyi ndi nthenda payokha, ya kacilombo kacekace. Pa nthawi yomweyo Charles Lounsbury anatsimikiza kuti cimene cimanyamula kacilomboko ndi nkhupakupa yofiirira yokonda kukhala m'makutu mwa ng'ombe. Apa ndipo panagona cifukwa ca lamulo lopititsa ng'ombe ku dibi ndi loletsa kuyendetsa ziweto popanda cilolezo, malamulo amene alimi amadandaula nao kufikira lero.

Nkhani ina yoonetsa kapenyedwe kace ndi ya nthenda yopuwalitsa ng'ombe yochedwa lamsiekte. Mu 1919, ali pa famu ya Armoedsvlakte pafupi ndi Vryburg, anakhala akulondola ng'ombe kubusa, naona kuti zinali kutafuna mafupa a nyama zakufa. Anapeza kuti nthaka ya kumeneko inasowa mcere wa phosphorus, motero msipu sunali kukhutiritsa thupi la ng'ombe. Njala ya mcerewo ndiyo inali kuzitumiza ku mafupa oola, m'mene munali ululu wopuwalitsa. Mankhwala ace anali apafupi ndithu: kucotsa mitembo ya nyama kubusa ndi kudyetsa ng'ombe ufa wa mafupa ophikidwa bwino.

Boma linammangira malo aakulu ofufuzira matenda ku Onderstepoort, kumpoto kwa Pretoria, amene anatsegulidwa mu 1908. Kufikira nthawi imeneyo aliyense wofuna udotolo wa ziweto anayenera kupita ku Ulaya, kumene kulibe cigodola kapena nchenche za tsetse, nabwera wodziwa matenda a ng'ombe za eni ace. Theiler anaumirira kuti dotolo wa ziweto za mu Africa aphunzire pa ziweto za mu Africa, pafupi ndi makola ndi anthu ofufuza. Mu 1920 sukulu inatsegulidwa pa Onderstepoort pomwepo, iye nakhala mkulu wace woyamba. Ophunzira oyamba, anthu 8, anatsiriza mu 1924. Anali munthu waukali, wosalekerera ulesi, ndipo amene anagwira naye nchito anamuopa monga momwe anamlemekezera.

Pali cinthu cimodzi cosayenera kubisa. Khomo la sukuluyo linali lotsekedwa kwa anthu akuda kwa zaka zambiri, cinkana munthu woyamba wa ku South Africa kukhala dotolo wa ziweto anali Jotello Soga, mwana wa mbusa wa Cixhosa, amene anatsiriza maphunziro ku Edinburgh mu 1886. Dziko la Zambia linadikira mpaka 1983 kuti liyambe kuphunzitsa madotolo ace pa University of Zambia ku Lusaka, m'sukulu imene inamangidwa ndi thandizo la Japan nipatsidwa dzina la Samora Machel. M'zaka zomwezo za m'ma 1980 m'Cigawo ca Kum'mawa munayamba katemera wa matole, wobaya kacilombo ka cigodola kotengedwa ku Katete pamodzi ndi mankhwala okafooketsa.

Theiler anapuma pa nchito mu 1927, koma sanaleke kufufuza matenda a mafupa a ziweto. Anamwalira ku London pa 24 July 1936 ali ndi zaka 69. Mwana wace wamkazi, Gertrud, anakhala katswiri wodziwa mitundu ya nkhupakupa za mu Africa, ndipo wamwamuna, Max, analandira mphotho ya Nobel mu 1951 cifukwa ca katemera wa yellow fever.