Elizabeth Cady Stanton: Mai amene anafunsa mafunso ovuta ku boma ndi ku mpingo

Mwezi uno tikumbukira mai wina wa ku America amene anamwalira zaka zoposa 120 zapitazo. Pa moyo wake abusa ambiri anamdzudzula pa guwa, ndipo ngakhale anzake ena anamkana atakalamba. Koma mafunso amene anafunsa akali kutisautsa mpaka lero, ndiye cifukwa cake tifuna kuti timdziwe.

Elizabeth Cady anabadwa pa 12 Novembala 1815 ku Johnstown, m'cigawo ca New York. Atate ake, a Daniel Cady, anali loya ndiponso woweruza milandu. M'caka ca 1826 mlongo wake Eleazar, mwana wamwamuna yekhayo amene anatsala m'banjamo, anamwalira, ndipo atatewo m'cisoni cao anadandaula kuti Elizabeth sanabadwe mwamuna. Mtsikanayo anayesetsa kuwatonthoza mwa kuphunzira Cigiriki ndi masamu pamodzi ndi anyamata. Komabe makoleji a nthawiyo sanali kulandira akazi, conco anapita ku sukulu ya atsikana ku Troy.

Iye mwini anasimba kuti maso ake anatseguka mu ofesi ya atate ake. Kumeneko anali kuona azimai akubwera ndi misozi cifukwa ca munda kapena nyumba imene yawacokera. Lamulo la masiku amenewo linali kuona mwamuna ndi mkazi wake ngati munthu mmodzi, ndipo munthuyo anali mwamunayo. Mkazi akakwatiwa, cuma cake ndi malipiro a thukuta lake zinali kugwera m'manja mwa mwamuna. Cikwati cikatha, ana anali a atate. Woweruza, ngakhale wacifundo, analibe cocita, pakuti colakwika cinali m'lamulo lenilenilo.

M'caka ca 1840 anakwatiwa ndi Henry Stanton, wolimbana ndi ukapolo, ndipo pa malumbiro a cikwati anacotsamo lonjezo lakuti adzamvera mwamuna wake. Caka comweco anapita onse awiri ku London ku msonkhano waukulu wotsutsa ukapolo. Nthumwi zacikazi zinakanizidwa kukhala pa mipando ya nthumwi kapena kulankhula, ndipo ena mwa amene anaumirira kwambiri kuti akazi akhale cete anali abusa. Kumeneko Elizabeth anakumana ndi Lucretia Mott, mlaliki wa mpingo wa Quaker. Awiriwa anaona kuti anthu amene anasonkhana kudzamasula akapolo sanali kuona unyolo wa akazi ao omwe.

Patapita zaka zisanu ndi zitatu, pa 19 ndi 20 Julayi 1848, iwo ndi anzao anaitanitsa msonkhano wa ufulu wa akazi m'calici ca Wesleyan ku Seneca Falls. Panabwera anthu pafupifupi 300, ndipo 100 anasaina cikalata cimene Elizabeth anatsogolera pocilemba: akazi 68 ndi amuna 32. Cikalataco cinachula madandaulo okhudza cuma, maphunziro, nchito ndi cikwati, ndiponso kutsekeredwa kwa akazi kunja kwa ubusa. Mfundo yakuti akazi azivota inaoneka yoopsa ngakhale kwa anzake, koma inadutsa Frederick Douglass, amene anathawa ukapolo, ataimirira ndi kuicirikiza.

M'caka ca 1851 anadziwana ndi Susan B. Anthony, ndipo anagwira nchito limodzi kwa zaka 50. Elizabeth anali ndi ana asanu ndi awiri, motero kawirikawiri anali kulemba zokamba ali panyumba, ndipo Susan ndiye anali kuyenda nazo m'mizinda. Analimbanso mtima kunena poyera kuti mkazi wa mwamuna woledzera kapena wankhanza ali ndi ufulu wothetsa cikwati, nkhani imene ambiri anali kuopa kuikhudza.

Sitingabise colakwa cake. Nkhondo yapaciweniweni ya ku America itatha, boma linafuna kupatsa amuna akuda ufulu wovota, kusiya akazi onse. Elizabeth anakwiya, ndipo mu mkwiyo wakewo analankhula monyoza anthu akuda ndi alendo osauka ocokera kumaiko ena. Mau amenewo anapweteka Douglass ndi ena amene anaima naye ku Seneca Falls. Munthu wodziwa kuwawa kwa kunyozedwa nayenso angathe kunyoza mnzake.

Atakalamba anafika pa ganizo lakuti voti yokha siingathetse vutolo. Anaona kuti ulamuliro wa amuna uli ndi mizu m'banja, m'malamulo, pa nchito ndi m'cipembedzo, ndipo muzu uliwonse umadyetsa unzake. Conco ndi kagulu ka akazi anzake anatulutsa buku lochedwa The Woman's Bible, gawo loyamba mu 1895 ndi laciwiri mu 1898, lofotokoza ndime za m'Baibulo zokamba za akazi. Anatsindika Genesis 1, pamene mwamuna ndi mkazi alengedwa onse m'cifaniziro ca Mulungu, natsutsa kugwiritsa nchito nkhani ya Hava monga cifukwa copondereza akazi. Anapitiriranso mpaka kukana kuti ndime zina zinauziridwa ndi Mulungu. Abusa anakwiya, ndipo mu 1896 bungwe lomenyera voti ya akazi, limene iye anali pulezidenti wake woyamba, linadzipatula ku bukulo, ngakhale Susan anamuikira kumbuyo.

Anamwalira pa 26 Okutobala 1902 ku New York ali ndi zaka 86. Akazi a ku America analandira ufulu wovota m'dziko lonse mu 1920, iye atagona kale m'manda zaka 18. Ca m'ma 1970, akazi ena monga Kate Millett ndi Mary Daly anadzutsanso ganizo lakuti kuponderezedwa kwa akazi kuyenera kuzulidwa ndi mizu yomwe, ndipo buku lake linasindikizidwanso.

Ife amene tikhulupirira kuti Baibulo ndi Mau a Mulungu sitingayende naye mpaka kumapeto kwa njira yake. Koma tisathawe funso lake: kodi Malemba tawagwiritsa nchito kumanga kapena kumasula? Kuno kwathu lamulo la cuma ca masiye lakhalapo kuyambira 1989, koma tikali kuona akazi amasiye akulandidwa katundu maliro asanathe. Tikali kumva mkazi womenyedwa akuuzidwa kuti apirire ndi kusunga cinsinsi ca m'nyumba. Nthawi zina amene anena zimenezi ndife, ndi Baibulo m'manja. Mlongo wathu akabwera ndi misozi pa khomo la abusa kapena la mkulu wa mpingo sabata ino, asabwerere cimanjamanja monga azimai aja a mu ofesi ya a Daniel Cady.