Bambo Ippolito Desideri, Mlendo pa Phiri Lopatulika la ku Tibet

Ife a ku Mulanje tinabadwira patsinde pa phiri loopedwa. Makolo athu anatilangiza kuti ku Sapitwa sapitako mwachibwana, pakuti ndi kwao kwa mizimu, ndipo wolowa m'nkhalango zake asunge pakamwa pake. Tsono sitidzabvutika kumva mbiri ya wansembe amene anakaima patsinde pa phiri lina lolemekezedwa koposa lathuli, nakhala zaka zisanu pakati pa akachisi a chipembedzo cha Buddha m'dziko la Tibet, kumpoto kwa India.

Ippolito Desideri anabadwa m'mwezi wa Disembala chaka cha 1684 mu mzinda wa Pistoia, ku Italy. M'chaka cha 1700 analowa m'chipani cha Ayezuiti ku Roma, ndipo m'chaka cha 1712 anadzozedwa unsembe, akulu ake namtuma ku Tibet. Chaka chotsatira anakwera chombo cha matanga ku Lisbon. Chombocho chinazungulira Afrika nikocheza pa chilumba cha Mozambique, kum'mawa kwa kwathu kuno. Pamenepo anaona anthu akuda akugulitsidwa ngati mbuzi, ndipo zimene analemba za malonda a akapolowo zionetsa kuti mtima wake unawawa kwambiri. Mwezi wa Sepitembala 1713 anafika ku Goa, m'dziko la India.

Kuchokera ku Delhi ananyamuka m'chaka cha 1714 pamodzi ndi mnzake, Bambo Manoel Freyre wa ku Portugal. Anadutsa Kashmir ndi Ladakh, nayamba kukwera mapiri a Himalaya. Kumeneko kuli zipululu zopanda mudzi ngakhale mtengo, ndi chisanu choumitsa madzi ngati mwala. Akadayenda awiriwiri akadafera m'njira. Koma mayi wina wolemekezeka wa mtundu wa Amongolo, mkazi wamasiye wa mkulu wa asilikali, amene anali kubwerera ku Lhasa ndi anthu ake, anawalandira m'gulu lake nawasamala njira yonse. Bambo Desideri sanaiwale chifundo cha mayi wosabatizidwayu kufikira imfa yake.

Kumapeto kwa chaka cha 1715 anafika pa phiri la Kailash ndi nyanja ya Manasarovar imene ili pafupi nalo. Phirili nlotalika mamita 6,638, ndiye kuti kuposa kawiri Sapitwa, amene ali ndi mamita 3,002. Ahindu akhulupirira kuti pamwamba pake pakhala mulungu wao Shiva, ndi kuti wosamba m'nyanjayo atsukidwa machimo. Otsata Buddha nawonso aliyesa lopatulika. Palibe munthu alikwera. Aulendo achipembedzo angolizungulira wapansi mtunda wa makilomita oposa 50, ndipo ena ayenda njira yonseyo modzigwetsa chafufumimba, kudzuka, ndi kudzigwetsanso. Bambo Desideri ndiye Mzungu woyamba amene analemba za phirili ataliona ndi maso ake. Sanaseke anthu olizungulira aja, koma anafunsa tanthauzo la mwambo wao nalemba zimene anamva.

Pa 18 Malichi 1716 analowa mu Lhasa, mzinda wa kachisi wakale wa Jokhang, amene anamangidwa m'zaka za m'ma 600, kumene anthu a ku Tibet konse amadza kudzagwada. Bambo Freyre sanakhalitse; anabwerera ku India, nasiya mnzake yekha. Mlendo wina akadakhutira ndi kuona madenga onyezimira golide, mafano akuluakulu ndi nyali za mafuta a mkaka, nkubwerera kwao kukasimba zodabwitsa. Bambo Desideri anazindikira kuti kuona nyumba ya mapemphero sikudziwa chimene chili mumtima mwa opemphera. Chotero anadzipereka usana ndi usiku kuphunzira chinenero cha dzikolo, ndipo mu Januwale 1717 anapereka kwa mfumu Lhazang Khan buku limene analemba yekha m'Chitibeti, lofotokoza chikhulupiriro chathu.

Mfumuyo inakondwera, koma inamlangiza kuti ayambe waphunzira bwino mabuku a amonke asanatsutsane nawo. Wansembe wathu anabvomera modzichepetsa. Anakakhala m'nyumba ya amonke pafupi ndi kachisi wa Ramoche, pambuyo pake ku Sera, sukulu yaikulu kumene amonke zikwizikwi anali kuphunzira. Kumeneko anampatsa chipinda naloledwa kuchita nsembe ya Misa. Anawerenga mabuku ao ozama, makamaka a mphunzitsi wao Tsongkhapa, namvetsera mikangano yao ya nzeru. Anapeza kuti iwo sabvomereza Mulungu Mlengi, ndi kuti aphunzitsa kuti munthu akafa abadwanso kambirimbiri monga mwa ntchito zake. Ziphunzitso zimenezi anazitsutsa poyera m'mabuku amene analemba m'chinenero chao. Komabe anayamikira chifundo chao, kudziletsa kwao ndi changu chao pa mapemphero, ndipo potsutsa sanawanamizire chimene iwo sanena.

Mtendere sunakhalitse. Kumapeto kwa 1717 nkhondo ya Adzungar inagwira Lhasa, ndipo Lhazang Khan anaphedwa. Bambo Desideri anathawira ku chigawo cha Dakpo, napitiriza kulemba. Koma mtanda wolemera unachokera kwa abale ake omwe. Bungwe la ku Roma loyang'anira mamishoni, la Propaganda Fide, linali litapereka Tibet kwa ansembe a chipani cha Akapuchini, ndipo mu 1721 kalata inamfika yomlamula kuchoka. Taganizani, abale, munthu amene analima munda zaka zisanu, nauzidwa kuusiya mbeu zili pafupi kucha! Iye anamvera. Anatsikira ku Kathmandu, m'dziko la Nepal, nagwira ntchito ku India zaka zina, ndipo mu 1728 anafika ku Roma.

Ku Roma anadandaula mlandu wake mwa njira yoyenera, nakonza buku lalikulu lofotokoza dziko la Tibet, anthu ake, akachisi ake ndi chipembedzo chake. Mu 1732 mlandu unakomera Akapuchini, ndipo bukulo silinaloledwe kusindikizidwa. Anamwalira mu Epulo 1733 ali ndi zaka 48, osaona chipatso chilichonse cha thukuta lake. Zolemba zake zinagona m'fumbi mpaka 1875, pamene zinapezeka ku Pistoia, ndipo zinasindikizidwa zathunthu pakati pa 1954 ndi 1956. Lero akatswiri amuyesa Mzungu woyamba kumvetsa mozama chiphunzitso cha Buddha cha ku Tibet. Mu 1965 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unaphunzitsa kuti Eklezia sakana chilichonse choona ndi choyera chopezeka m'zipembedzo za Ahindu ndi za Buddha. Njira imeneyo Bambo Desideri anaiyenda kale zaka 250 m'mbuyomo.

Inu aphunzitsi a katekisimu, m'midzi mwanu muli Asilamu ndi osunga miyambo ya makolo, ndipo ku Blantyre kuli Ahindu ndi kachisi wao. Musatsutse chimene simunachimve, ndipo mukaponda pamalo amene anzanu awayesa oyera, pondanipo mwaulemu, chikhulupiriro chanu chili chigwirire. Phiri lathu lomwe, limene mu 2025 bungwe la UNESCO linalilemba m'kaundula wa malo ofunika a dziko lonse lapansi, likuitana alendo ochokera kutali. Tiwapemphe ulemu womwewo umene wansembe uyu anaonetsa patsinde pa Kailash.